Za mafilimu a maloto ozunguza mutu aja

Achimwene, mwafunsa kuti anthu amapezamo chiyani mu Inception, poti inu mwaiyesa kawiri ndipo kawiri konse tulo tinakubani isanafike pakati. Sindikusekani. Filimuyo ndi ya maola pafupifupi awiri ndi theka, ndipo koyambirira amachulukitsa kufotokoza malamulo ngati tili m'kalasi.

Koma taganizani izi. Kwathu ku Katete ukadzuka n'kuwauza agogo kuti walota ukudya nyama, nkhope yawo imagwa pomwepo. Funso lawo limakhala limodzi: anakupatsa ndani? Kwa iwo, munthu wina atha kukulowera kutulo n'kukusiyira kanthu. Ndiye Christopher Nolan mu 2010 anatenga chinthu chimene ife timachiopa n'kuchisandutsa ganyu. Cobb, amene amaseweredwa ndi Leonardo DiCaprio, amalipidwa kuti azilowa m'maloto a anthu kukaba zinsinsi. Kenaka akum'tuma ntchito yovuta kuposa apo, kukadzala ganizo m'mutu mwa mwana wa mpondamatiki mpaka mwiniwakeyo aziyesa kuti ndi lake. Ine ndinaionera pa laputopu ku Chilenje magetsi atathima, ndipo ndinaseka ndekha mumdima kuti aa, si ufiti uwu? Angouveka suti basi.

Chimene chimandigwira n'chakuti zonse zimene amaseweretsazo tinazionapo tili pamphasa. Palibe amene amakumbukira mmene loto linayambira, umangopezeka uli kale pakati. Umalota ukugwa n'kudzidzimuka, ndipo m'filimumo ndi mmene amadzutsirana, kumugwetsa munthu ndi mpando womwe. M'filimumo amalota loto mkati mwa loto linzake, ndipo m'loto loyamba mukugwa chimvula chifukwa wolotayo anagona asanapite kukataya madzi. Amene munakodzapo pogona muli ana mukulota muli kuseri kwa nyumba, musanamizire kuti simukumva.

Nanga za nthawi? Maola 10 amene amagona m'ndege yochoka ku Sydney kupita ku Los Angeles amasanduka sabata imodzi m'loto loyamba, miyezi 6 m'lachiwiri, zaka 10 m'lachitatu. N'chifukwa chake galimoto imene akwera m'loto loyamba imangogwabe pamlatho osafika m'madzi, uku eni akewo m'maloto apansipo akumenya nkhondo yonse. Zikumveka zamisala, komatu ine ndinasinzapo m'minibasi pa Great East Road, kuchoka pa Manda Hill kufika pa Arcades pokha, n'kulota ukwati wonse ndi nkhuku zomwe, mpaka kondakitala anandigwedeza kufuna ndalama.

Pena Nolan amandikwiyitsa ndithu. Maloto ake ndi audongo kwambiri, mahotela ndi mfuti, pamene loto lenileni limakuika m'kalasi ya Grade 7 uli ndi ndevu, aphunzitsi ali malemu amalume ako. Pamenepo Paprika ya Satoshi Kon, katuni ya ku Japan ya 2006, imaposa. Mmenemo mafiriji ndi zidole zimaguba mumsewu popanda wokufotokozera chifukwa. Ndi ya mphindi 90 zokha, mwina muyambe ndi imeneyo, koma ana asakhale pafupi.

Inception muibwereze Loweruka masana mutadya pang'ono, osati usiku nsima itakhazikika m'mimba. Foni muiike patali ndipo muziwerenga kuti tsopano tili m'loto lachingati. Mukafika pa nguli ya Cobb ikuzungulira patebulo kumapeto, imene ikagwa ndiye kuti ali maso koma ikapanda kugwa ndiye kuti akadalota, mubwere mutiuze ngati inagwa. Ine ndi mlamu wanga takhala tikukangana za nguliyo zaka zambiri, ndipo iye mpaka lero amalumbira kuti anaimva ikugwa chithunzi chitazima kale.