Funsani Azakhali: Kodi mayi anga ndiwapatse chamba?

Zikomo azakhali. Mayi anga ali ndi khansa ya khomo la chiberekero, akulandira chemo, mankhwala olimbana ndi khansa aja, koma akumangosanza, chakudya sakuchifuna ndipo usiku sagona ndi ululu. Anzanga pa gemu akuti ndiwiritse fodya wamkulu mu tiyi azimwa poti boma linavomereza kale kuti ndi mankhwala. Nditero? Ndine wodandaula, ku Area 25.

Pepa mwanawe, kudwazika mayi si masewera. Koma anzakowo nkhani anaimvera pakati. Lamulo lomwe aphungu anavomereza mu 2020 ndi lolola anthu amene ali ndi laisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala komanso cha mafakitale, osati aliyense azigula kachimpukutu ka ku Nkhotakota kokulunga m'makoko a nthochi nkumati ndi mankhwala ayi, akakupeza nacho apolisi ulowa ndithu ndiye mayiwo awasamala ndani?

Sindikukana kuti mu chamba muli mankhwala. Muli THC, amene amaledzeretsa uja, ndi CBD amene saledzeretsa. Ku America kuli makapisozi otchedwa dronabinol omwe akhala akupatsa odwala khansa kuyambira mu 1985 kuti mseru wa chemo uchepe, ndipo amathandizanso kuti munthu azifuna kudya. Mu 2018 anavomerezanso Epidiolex, wopangidwa ndi CBD, wa ana odwala mitundu ina yovuta ya khunyu. Koma onsewa ndi oyezedwa, dokotala amadziwa mamiligalamu amene wodwala wamwa.

Nanga tiyi wakoyo uyeza bwanji? Vuto la chamba chakumwa kapena chodya nlakuti sichigwira msanga, chimatha kutenga ola kapena awiri, ndiye iwe uona ngati sichikugwira nkuwonjezera kapu ina, kenaka zonse zibwera pakamodzi, mtima kuthamanga, chizungulire, mantha, ena mpaka kuona zinthu zoti palibe. Munthu wofooka kale, wosadya, adzuke usiku kupita kuchimbudzi ali chomwecho, kugwa sikuchedwa. Komanso chimatha kusokonezana ndi mankhwala ena omwe akumwa, makamaka ogonetsa.

Ululu wa khansa mankhwala ake enieni ndi morphine wakumwa uja, ndipo m'zipatala za boma alipo ku mbali ya palliative care, yothandiza kuchepetsa ululu wa odwala matenda aakulu, ndipo salipiritsa. Anthu ambiri amamuopa ati ndi wa munthu amene watsala pang'ono kutisiya, bodza limenelo, wodwala amamwa pa maola 4 aliwonse nkumagona bwinobwino. Koma morphine amamanga m'mimba, ndiye upemphenso ofewetsa chimbudzi. A mseru aliponso, ena amaperekedwa chemo asanayambe.

Ndiye usadikire tsiku la sikelo yawo, mawa lomwe pita nawo komwe amalandira chemo, ukawauze anamwino kuti akusanza kangati patsiku ndipo ululu umakula nthawi yanji. Ngati unawapatsako kale tiyiyo ukanene, osabisa, kuti adziwe powapatsa mankhwala ena. Pakadali pano kaphala kamadzimadzi pang'onopang'ono, kangapo patsiku, kosatentha kwambiri chifukwa fungo la chakudya chotentha ndi lomwe limautsa mseru.