Mwana wanga ali ku Yeoville, kodi ndi malo otani?

Mayi wina wa ku Mangochi wanditumizira imelo. Mwana wawo anapita ku Joni ndipo akuti akukhala ku Yeoville. Akufuna kudziwa ngati ndi tauni payokha kapena komboni, kukula kwake, komanso anthu amene mnyamatayo akukhala nawo.

Mayi, Yeoville ndi kadera kakang'ono mumzinda wa Johannesburg, chakum'mawa pang'ono kwa pakati pa tauni. Kukula kwake ndi pafupifupi sikweya kilomita imodzi basi. Kumadzulo kuli msewu wa Joe Slovo Drive, kutsidya kwake n'ku Berea komwe kuli chinyumba chachitali chozungulira chotchedwa Ponte. Kum'mawa kuli Bellevue, ndipo malire a awiriwa saoneka ndi maso, moti ambiri okhala ku Bellevue mukawafunsa amangoti ku Yeoville. Kumpoto mukaoloka Louis Botha Avenue mwalowa ku Houghton, kwa anthu a ndalama. Kum'mwera kuli chitunda chokhala ndi thanki yakale ya madzi, pomwe anthu ovala zoyera amakapemphera akuyang'ana mzinda m'munsi.

Kalembera wa 2011 anapeza anthu pafupifupi 19,000 pa kamalo kameneka. Ine chiwerengerocho ndimachiona chochepa, ndipo chifukwa chake chili pakhoma lina mumsewu wa Raleigh, pafupi ndi Shoprite. Pakhomapo pamakhala timapepala tolemba pamanja tambirimbiri: wina akubwereketsa chipinda, wina khonde la fulati, wina theka la balaza lotchinga ndi katani, wina akufuna mnzake wogawana naye bedi ndi lendi. Nyumba yomwe inamangidwira banja limodzi lero imasunga mabanja angapo, khitchini imodzi, bafa limodzi. Ndiye wopanda mapepala akaona munthu wa boma atanyamula fomu, mukuganiza kuti angatuluke kudzawerengedwa?

Si komboni ayi. Dera limeneli linakhazikitsidwa mu 1890, patangopita zaka zinayi golide atapezeka, ndipo linali la azungu, ambiri mwa iwo Ayuda ochokera kum'mawa kwa Ulaya. M'zaka za m'ma 1980 anthu akuda anayamba kulowamo mozemba lamulo la tsankho la Group Areas Act, lomwe linathetsedwa mu 1991. Kenaka azungu anasamukira kumpoto kwa mzinda, ndipo lero pafupifupi onse okhalamo ndi akuda.

Koma akudawo si mtundu umodzi. Alipo eni dziko olankhula Chizulu, Amandebele ambiri ochokera ku Zimbabwe, anthu a ku Congo, Nigeria, Cameroon, Ghana, Mozambique, ndi akwathu omwe. Mumsewu wa Rockey, womwe ndi Raleigh yemweyo atasintha dzina, mumamva Chifalansa ndi Chilingala ngati muli ku Kinshasa. Mumsika, womwe unatsegulidwa mu 1999, mwana wanu sangasowe chigwada, therere, nsomba zouma kapena chinangwa. Ndiwo zakwathu ndiye asakunamizeni kuti akuzisowa.

Umbava ulipo, makamaka usiku, ndipo nyumba zina zinalandidwa, moti anthu omwe amatolera lendi si eni ake, madzi ndi magetsi n'kumadulidwa. Mukamuimbira foni, mumufunse dzina la msewu, chiwerengero cha anthu amene akugona nawo m'chipinda, komanso amene amamupatsa lendi ngati amalemba lisiti.