Mwana wanga akuti adzakhala DJ, bambo ake akufuna dokotala

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera ali ndi nkhawa. Mnyamata wawo ali Fomu 4 pasukulu ina yogonera pompo. Chimusankhireni kukhala pulifekiti wa zisangalalo, nkhani zake ndi disiko ya Loweruka, variety show ndi mwambo wotsanzikana. Pa mayeso a moko wapeza mapointi 38, Chingerezi 7. Bambo ake, omwe akufuna kuti adzakhale dokotala, akuti apita kwa ahedi kukamuvula udindowo. Mwanayo akuti adzakhala DJ, satifiketi alibe nayo ntchito. "Ndimvere ndani?" akufunsa mayiwo.

Mayi, onse awiriwo akulota ali maso, ndipo kalata zotere zimandipeza chaka chilichonse mayeso a MANEB akamayandikira.

Ndiyambe ndi bambo. Ku KUHeS, yunivesite yophunzitsa zaumoyo, satenga munthu chifukwa choti kholo lake likufunitsitsa. Kumeneko amalimbirana malo ana amene apeza 1 ndi 2 pa Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Mwana wa mapointi 38 sangafike pamenepo m'miyezi yatsalayi, ngakhale mutamutsekera m'chipinda ndi mabuku. Ndipo kodi bambowa anali kuti mwana ali Fomu 2? Makolo ambiri amakumbuka udokotala akaona lipoti la moko, kenako n'kuloza chala disiko ngati kuti ndiyo yalemba mayesowo.

Iwe mnyamata, ngati amayi ako akuwerengera izi, tamvera. Kuvinitsa anzako mu holo ya sukulu, pomwe palibenso kwina kopita Loweruka usiku, si umboni woti ku Lilongwe akukudikira. Zokuzira mawu zimene umagwirazo si zako. Tsiku lomwe udzatuluke pageti zidzatsala, ndipo wa Fomu 3 adzatenga malo ako. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Komabe udindowo musamuvule. Mwana amene amatolera ndalama za anzake, kuwerengera mtengo wa jenereta magetsi akazima, kupempha chilolezo kwa ahedi, kukonza ndondomeko ya magule ndi zisudzo mpaka zonse kutha bwino, akuphunzira ntchito yeniyeni. Anthu akudyera luso lomweli pa maukwati ndi zinkhoswe. Sukulu yopanda zisangalalo imangophunzitsa ana kudumpha mpanda, ndipo zomwe zimachitika kunja kwa mpandawo n'zoopsa kuposa dansi yoyang'aniridwa ndi aphunzitsi. Ine chimandinyansa ndi mwambo wotsanzikana uja: suti yatsopano, keke, wojambula zithunzi, makolo kulowa m'ngongole, mwana asanalembe ngakhale pepala limodzi. Pamenepo pokha kanizani ndalama, avale zomwe ali nazo.

Chofunika kumenyera tsopano ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo, kutanthauza giredi yoyambira 1 mpaka 6 pa phunziro lililonse mwa asanu ndi limodziwo. Popanda zimenezi a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, sangamuganizire ku yunivesite ya boma iliyonse. 7 wa Chingereziyo ndiye mdani wake, osati masipika. Ngati amatha kuima pamaso pa sukulu yonse ndi maikolofoni, alowe gulu la mtsutso kapena la zisudzo za Chingerezi zija amakonzekera mpikisano wa ATEM, bungwe lolimbikitsa kuphunzitsa Chingerezi, pakamwa pakepo pamuthandize kukhoza.

Akalemba, ndingakonde ayang'ane ku makoleji a ntchito zamanja omwe amalembera kudzera ku TEVETA, monga Lilongwe, Soche kapena Mzuzu Technical, akaphunzire zamagetsi. DJ wodziwa kulumikiza mawaya ndi kukonza ampulifaya sagona ndi njala mwezi umene kulibe maukwati. Bambo ake adzakwinya nkhope, ndikudziwa, poti akuona ngati ovololo ndi chovala cha olephera. Asiyeni akwinye.

Mayeso akhoza kukhoza, ngati ayamba lero. Pitani kusukuluko nokha, mayi, bambo atsale. Mukagwirizane ndi mphunzitsi woyang'anira zisangalalo kuti wachiwiri kwa mwanayo wa Fomu 3 ayambe kunyamula ntchito zambiri, ndipo mukapemphe wa Chingerezi kuti azimupatsa chimangirizo chimodzi sabata iliyonse mpaka tsiku la mayeso.