Musagule chifukwa choti a short achuluka, ine zinandionekera

Achimwene, mwafunsa ngati mugule masheya a kampani ina ya masitolo, ndipo ndawerenga ndemanga zimene anthu akuyankhani mpaka mtima wayamba kuthamanga. Zimene akukuuzanizo, zoti masitolowo a short (anthu obetcha kuti mtengo wa masheya ugwa) awaunjikira ndiye mtengo uphulika, gulani msanga, ndi zomwezo anandiuza ine. Ngakhale tizithunzi ta roketi n'tomweto.

Kampani imene ndinagulako masheya ine sinditchula, koma inali ya masitolo akuluakulu aja a ku America, a m'ma mall, ogulitsa zovala, nsapato, mafuta onunkhira, mapoto, makatani, zonse denga limodzi. Anatikokera ndi mkulu wina amene anali ndi gulu lolipiritsa pamwezi. Usiku uliwonse ankajambula vidiyo ali m'galimoto, kutiwerengera kuti taonani, a short awa anabwereka masheya n'kugulitsa poyembekeza kuti mtengo ugwa, tsiku lina adzayenera kuwagula kuti abweze, nanga adzagula kwa ndani ife tikakakamira? Zinkamveka ndithu. Ankatinso ngakhale malonda atafa, nyumba ndi malo a masitolowo paokha n'chuma choposa mtengo wa kampani yonse pamsika. Ndinaikamo ndalama zimene tinkasunga ndi mayi a kunyumba, broker (kampani imene timagulira masheya kudzera mwa iyo) n'kundilolanso kugula ena pa margin, pangongole.

Mtengo unakweradi kaye, m'gulumo tinkatchulana mabwana. Kenako akuluakulu a kampani, omwe aja ankati zinthu zikuyenda, analengeza kuti akugulitsa masheya atsopano kuti apeze ndalama. Ife timati tawatsekera a short pakona, eni ake sitolo ndi amene anawatsegulira chitseko. Mkulu uja anati musatekeseke, amenewa ndi masewera a ma hedge fund, makampani akuluakulu obetcha ndalama pamsika, onjezerani pamene zatchipa.

Tsiku limene sindidzaiwala ndinali kuntchito, tili pamsonkhano. Foni inanjenjemera m'thumba, ndinasuzumira pansi pa tebulo. Lipoti la miyezi itatu latuluka, ndipo muli mawu akuti pali chikayiko chachikulu ngati kampaniyo ipitirire kugwira ntchito. Ndinapempha kutuluka, ndinakadzitsekera m'chimbudzi. Pa app nambala yofiira, malonda a sheya imeneyo aimitsidwa kaye. Ndikudina pogulitsa, sizikutheka. Atatsegulanso mtengo sunatsike pang'onopang'ono ayi, unangodumphira pansi, n'kuimitsidwanso. Chala chinali thukuta lokhalokha moti foni inakana kuchizindikira, pasiwedi yanga yomwe ndinailakwitsa. Uthenga wa broker unalowa: onjezerani ndalama mu akaunti, apo ayi tigulitsa. Ndikuganiza woti ndimubwereke, uthenga wina walowa kale, agulitsa masheya anga. Sanadikire, ndipo mgwirizano umene munthu umavomereza potsegula margin umawalola kutero osakufunsa. Anagulitsa pansi penipeni, anatenga ngongole yawo ndi chiwongoladzanja chake, ine kunditsalira timasheya tochepa. Wina anagogoda kufunsa ngati muli munthu, ndinayankha ndi mawu oti sindinawadziwe kuti ndi anga. Ndinabwerera pamsonkhano n'kumalemba manotsi, mpaka lero sindidziwa kuti ndinalemba chiyani.

Madzulo ake mayi a kunyumba sanakalipe. Anangofunsa kuti zatsala zingati, ndinawaonetsa foni, anaiyang'ana nthawi yaitali n'kundibwezera. Bola akanatukwana.

Timasheya totsala tija ndinatisunga poti mkulu uja ankati squeeze, nthawi imene a short adzakakamizike kugula mtengo n'kuphulika, ikubwerabe. Kampani inalowa Chapter 11, kutanthauza kuti inapita kukhoti italephera kubweza ngongole, anaichotsa pamsika waukulu, kumapeto kwa zilembo za dzina lake pamsika kunabwera Q, chizindikiro cha kampani yotero, pomaliza khoti linavomereza dongosolo loti masheya akale afafanizidwe. Ziro. Nanga mkulu uja? Anayamba watseka ndemanga, kenako gulu lonse linasowa. Mnzathu wina anali atasunga zithunzi zoonetsa kuti iyeyo anagulitsa ake sabata imene mtengo unakwera, tsiku lomwelo akutiuza ife kuti gwiritsitsani. Ndiye kuti ogula ake tinali ife, ndipo tinkamulipira pamwezi kuti atigulitse! Pano akuphunzitsa za crypto, galimoto yake yomweyo. Munthu wopanda manyazi. Akuluakulu a kampani nawonso analandira mabonasi oti asachoke pantchito kutatsala pang'ono kupita kukhoti, pamene amayi a pa kauntala ankauzidwa kuti sitolo ikutsekedwa. Amenewo ndimadana nawo kuposa a short. A short sanandinamizepo, anati kampani iyi ikufa ndipo inafadi.

Aliyense amathamangira kutchula GameStop, kampani ya ku America yogulitsa magemu a vidiyo. Inde, mu Januwale 2021 masheya obwerekedwa kumeneko anapitirira 100 peresenti ya amene anali pamsika, mtengo unachoka pansi pa madola 20 kufika 483 pa 28 Januwale. Koma GameStop si sitolo ya mtundu umenewu, ndipo onani zimene kampaniyo inachita chaka chomwecho: inagulitsa masheya atsopano n'kutolera madola opitirira biliyoni imodzi ndi theka. Werengani za masitolo a mtundu wathuwu, monga Sears ndi JCPenney. Sears masheya ake anadutsa madola 150 mu 2007, pamene inkapita kukhoti mu Okutobala 2018 sanali kukwana dola imodzi. Nkhani ya malo ndi nyumba ija inkanenedwanso kwambiri za Sears, koma mu 2015 masitolo opitirira 200 anagulitsidwa ku kampani ya malo ndi nyumba yotchedwa Seritage pamtengo wa madola 2.7 biliyoni, Sears n'kuyamba kulipira lendi m'nyumba zimene zinali zake. JCPenney inapita kukhoti mu Meyi 2020, eni ma mall a Simon ndi Brookfield anagula masitolo, mpaka lero akugulitsa malaya, koma amene anali ndi masheya sanapeze kanthu. Apa ndi pamene ambiri sitimvetsa: sitolo ikhoza kukhala yotsegula, magetsi akuyaka, makasitomala akulowa, sheya yako itafa kalekale. Pogawana, amayamba ndi obwereketsa amene anagwira chikole, kenako angongole ena onse, wa masheya amakhala kumapeto kwa mzere ndipo nthawi zambiri pofika kwa iye m'mbale mulibe.

Musaganizenso kuti zimagwera ife osadziwa tokha. Bill Ackman, mwini hedge fund wotchuka, analowa mu JCPenney yomweyo, anabweretsa Ron Johnson wochokera ku Apple kuti aitsogolere, malonda anatsika ndi 25 peresenti mu 2012, ndipo mu 2013 anatuluka ataluza pafupifupi madola 500 miliyoni. Ku Britain, mpondamatiki Mike Ashley ndi kampani yake ya Sports Direct anali ndi pafupifupi 30 peresenti ya masitolo a Debenhams, obwereketsa atailanda mu Epulo 2019 zonse zinapita. Anthu oti ali ndi maloya awoawo.

Nambala ya short imene mukuionayo nayonso ndi yakale. Ku America imatuluka kawiri pamwezi, ndipo imatuluka patadutsa masiku, mwina ena anatseka kale. Komanso si onse a short amene akubetcha kuti kampani ife. Ena anaibwereketsa ndalama kampaniyo, short yawoyo ndi yodzitetezera, mtengo ukakwera sathamanga. Mukudikira kuti achite mantha anthu amene akugona tulo.

Ndiye ine ndikuti musagule. Musayandikireko n'komwe.

Koma poti ndikudziwa kuti mtima wanu wagula kale, tsegulani 10-K ndi 10-Q za kampaniyo, malipoti ake a pachaka ndi a miyezi itatu, pa EDGAR, webusaiti ya boma la America, n'zaulere. Siyani mawu okoma a koyambirira, pitani pa ngongole. Ndi zingati, zikuyenera kubwezedwa chaka chiti, nyumbazo ndi zawo kapena za lendi, ndipo ngati ndi zawo sanazipinyolitse kale? Onani ngati malonda a m'masitolo omwewo akutsika chaka ndi chaka, onani ngati katundu akuunjikana m'nkhokwe pamene malonda akuchepa, chifukwa akatero amatsitsa mitengo ndipo phindu limathera pomwepo. Mukapeza mawu akuti going concern, chikayiko chija choti kampani ipitirire, tsekani kompyuta. Margin ayi, ngakhale broker akunyengerereni bwanji, chifukwa pa margin tsiku logulitsa sasankha ndinu.

Chilungamo chake, a short nawonso amalakwitsa. Dillard's nayo ndi ya masitolo otere, anaiunjikira chimodzimodzi, mu 2020 sheya yake inali pansi pa madola 30, pofika kumapeto kwa 2021 inadutsa 300. Koma imeneyo masitolo ambiri ndi akeake, ngongole yochepa, banja la eni ake lili momwemo, ndipo inkagula masheya ake m'malo mosindikiza atsopano. Ngati yanuyo ili choncho, mwina mukuona zimene ena sakuona, ikani ndalama yoti itapita simukadzitsekera m'chimbudzi. Mtengo ukafika kuwirikiza kawiri umene munagulira, gulitsani theka tsiku lomwelo, osafunsa gulu. Inenso ndili ndi pang'ono m'sitolo ina yotere, mayi a kunyumba akudziwa, ndipo ikangolengeza masheya atsopano ndituluka. Ikani pano ngongole imene ikuyenera kubwezedwa zaka ziwiri zikubwerazi ndi ndalama zimene ali nazo m'manja, tionere limodzi.