Giyabokosi ikukana kulowa, musaikoke ndi mabawuti

Achimwene, ndamva funso lanu lija, kuti pa Corolla yanu ya injini ya 5A mwaika kale clutch plate ndi pressure plate zatsopano, koma giyabokosi ikutsala zala ziwiri kuti ikhudzane ndi injini, ndiye mukufuna muikoke ndi mabawuti. Ayi, chonde musayerekeze. Mpata umenewo ukutanthauza kuti mano a shafiti ya giyabokosi sanalowe m'mano a pakati pa clutch plate. Mukamanga mabawuti mokakamiza mupinda plate yatsopanoyo, kapena muthyola khutu la giyabokosi, paja ndi aluminiyamu. Plate yopindika siimasula bwino, magiya azikukuta ngakhale muponde clutch mpaka pansi.

Giyabokosiyo ibwezeni pansi kaye. Poyamba onani ngati plate simunaitembenuze. Mbali yotukuka pakati, ya masipuling'i, imayang'ana ku giyabokosi, yosalala ku flywheel, chigudumu chachitsulo chakuseri kwa injini chomwe pressure plate imamangidwapo. Zina amalembapo kuti flywheel side. Kenako masulani mabawuti 6 a pressure plate aja, osawachotsa, mungowafewetsa moti plate izitha kusuntha mukaikankha ndi chala. Muiike pakati penipeni. Ngati kit yanu inabwera ndi kachitsulo kapena kapulasitiki kolinganizira, gwiritsani kameneko. Ngati palibe, tengani kamtengo kowongoka, mukakulunge tepi mpaka kazilowa mothina pabowo la plate, ndiye muziyang'ana ndi tochi, komanso kupapasa m'mphepete kuti plate yatsala mofanana mbali zonse. Apa musathamange, vuto lanu lagona pamenepa. Mukakhutira mangani mabawuti modumphadumpha, ili kenako loyang'anana nalo, pang'onopang'ono mpaka 19 Nm pa sipanala yoyezera kuthina kwa bawuti. Ndi mabawuti ang'onoang'ono, paipi pasipanala ayi.

Koma musanailinganize n'kumanga chonchi, clutch plate ija muyambe mwaichotsa n'kuiyesa pashafiti ya giyabokosi ndi manja, muone kuti ikutsetsereka. Nthawi zina amakugulitsani ya mano osiyana, mungalimbane nayo mpaka dzuwa kulowa. Girisi pa mano aja ndi kadontho chabe, wochuluka amamwazikira pa plate n'kuyamba kuterereka. Release bearing, yomwe imakankha pressure plate mukaponda clutch, nayo ikhale yatsopano ndipo ikole bwino pa foloko yake. Ndipo ngati kuseri kwa flywheel kuli oyilo, seal ya crankshaft yatha, sinthani lero lomwe, apo ayi plate inyowa ndipo ntchito yonseyi mudzaibwereza.

Tsopano pokweza. Injini ikhale pa jeke ina, thabwa pansi pa sampu, muitsitse pang'ono mbali ya giyabokosi. Chofunika n'chakuti mpata ukhale wofanana pamwamba ndi pansi, chifukwa ikapendekeka shafiti imagunda m'mphepete. Ikani giya, munthu wina azipotokola injini pang'onopang'ono ndi sipanala pa pulley ya crankshaft, inu mukugwedeza giyabokosi n'kumakankha. Mano akakumana mumva yokha ikulowa. Ikafika pa timapini tiwiri tolinganizira giyabokosi ndi injini n'kukhudzana ndi injini, m'pamene mumaika mabawuti, poyamba ndi zala. Ikangolowa theka musaisiye ikulendewera, kulemera kwake kumapinda plate. Muonenso kuti palibe waya wapanikizika pakati.

Eya, china, galimotoyo isakhale pa jeke yokha kapena pa njerwa. Njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Ma stand, kapena zigogo zolimba, ndipo matayala akumbuyo muwatsekere.

Pobwezera ma drive shaft samalani ma seal, mukankhe mpaka kumva kuti yakola. Waya wa earth ndi pulagi ya magetsi a reverse anthu amaiwala. Oyilo ndi 75W-90, gulani malita 3, muthire galimoto ili yowongoka mpaka ayambe kutuluka pabowo lothirira. Clutch musaiponde slave cylinder, yomwe imakankha foloko ija, isanamangidwe, pisitoni ituluka ndipo mudzayamba ntchito yochotsa mpweya. Mukafika pa plate paja jambulani chithunzi mutumize muno ndione musanakweze.