Kamfuti ka m'chiuno: zimene lamulo lidzakufunseni

Bambo,

Kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mumagula soya ndi mtedza ku Mitundu ndi ku Nsundwe, ndalama mumayenda nazo m'chikwama, ndipo mwezi watha anyamata a zikwanje anakutchingirani usiku mukubwerera ku Area 25 n'kukulandani zonse. Pepani kwambiri. Tsopano mukufuna kamfuti ka revolver kopepuka, koti kazibisika m'chiuno pansi pa malaya, ndipo mlamu wanu wa ku Johannesburg wati akhoza kukutengerani pobwera pa Khirisimasi. Mwafunsa kuti musankhe kati pakati pa Smith & Wesson ndi Ruger, komanso ngati lamulo likulolani.

Ndiyambe ndi alamu anuwo, chifukwa ndende yapafupi ili pamenepo. Aimbireni lero lomwe, muwauze asayerekeze. Mfuti yolowa m'dziko muno popanda chilolezo, kaya yadzera pa Mwanza, pa Dedza kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu, ndi mlandu kwa woibweretsa ndi kwa woilandira yemwe. Ngakhale kuti ku South Africa anaigula m'sitolo ndipo risiti ali nayo, mapepala a kumeneko sagwira ntchito kuno. Maiko a SADC anasainirana pangano lothana ndi kufala kwa mfuti mu mzinda wa Blantyre m'chaka cha 2001, choncho musaganize kuti apolisi a mbali ziwirizi sadziwana pa nkhani imeneyi. Chimodzimodzinso munthu amene angakunong'onezeni kuti ali ndi "katundu" wotchipa. Mfuti yogula mumdima simudziwa kuti inadya ndani, ndipo tsiku lopezeka nayo, milandu yake yakale mudzayamba kuifotokoza ndinu.

Zambiri zimene mwawerenga pa intaneti analemba ndi anthu a ku America, kumene ufulu wokhala ndi mfuti uli m'malamulo aakulu a dziko lawo kuyambira 1791. M'malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 mulibe ufulu wotere. Kuno mfuti ndi chilolezo chimene boma limapereka likakhutira, ndipo likhoza kukana kapena kulanda. Lamulo lake ndi Firearms Act ya 1967, mutu 14:08 wa malamulo a Malawi, ndipo kaundula wa mfuti amayendetsa ndi apolisi, amene likulu lawo lili ku Area 30.

Dongosolo lake chofunika kumvetsa n'chakuti pepala limayamba, mfuti pambuyo. Mumakapempha kaye chilolezo chopezera mfuti kudzera kupolisi. Adzafuna kudziwa kuti ndinu ndani, mumakhala kuti, munapalamulapo mlandu kapena ayi, mutu wanu umayenda bwino, ndipo koposa zonse, mfutiyo mukuifuniranji. Apa mlimi wofuna mfuti yothamangitsira anyani m'munda ali ndi nkhani yosavuta kuposa inu. Kamfuti kobisika m'thumba kalibe ntchito ina koma kulozetsa munthu, ndiye wopereka chilolezo amayang'anitsitsa. Mawu akuti "ndikufuna kudziteteza" paokha ndi opepuka, aliyense amanena. Pitani ndi umboni: nambala ya lipoti la kupolisi la chiwembu chija, chiphaso cha bizinesi yanu, mapepala a kubanki oonetsa kuti mumatapadi ndalama zambiri nyengo yokolola. Ngati za chiwembucho simunakanene kupolisi, kaneneni tsopano. N'zovuta kuuza apolisi kuti moyo wanu uli pachiswe pamene m'mabuku awo mulibe dzina lanu.

Mukaloledwa, mumagula kwa wogulitsa wovomerezeka, mfutiyo imalembedwa m'kaundula ndi nambala yake, kenako mumatenga laisensi imene imakonzedwanso chaka ndi chaka. Laisensiyo ndi ya inu nokha, pa mfuti yokhayo. Simungabwereke mlonda wanu kuti agone nayo pageti, kapena mwana wanu popita kukagula mbewu m'malo mwanu. Ikasowa kapena kubedwa, kanenani kupolisi msanga. Ndipo uzani mayi a kunyumba kuti inu mutati mwatisiya, mfuti sigawidwa pa chuma cha masiye ngati njinga kapena wailesi. Ikaperekedwe kupolisi mpaka wina atapeza chilolezo chake. Ambiri amagwa pa laisensi yotha: munthu anatenga bwinobwino zaka zisanu zapitazo, n'kuiwala, lero pa rodibuloko akupezeka ali ndi mfuti yopanda pepala lamoyo.

Akakukanizani, simuli opanda chonena. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limati ofesi ya boma ikapanga chiganizo chokukhudzani ichite mwachilungamo, ndipo muli ndi ufulu wopatsidwa zifukwa zake polemba. Pemphani zifukwazo mwa kalata. Ngati zili zosamveka, High Court ikhoza kuunikanso chiganizocho, koma pempho lotere liyenera kulowa pasanathe miyezi itatu. Ndikuuzeni zoona: khothi limaona ngati njira inatsatidwa, silifulumira kulamula apolisi kuti apatse munthu mfuti.

Tsopano pa mfuti zimene mwatchulazo. Ine ndine loya, sindine wogulitsa mfuti, koma kusankhaku kuli ndi mbali ya lamulo imene otsatsa malonda sanena. Smith & Wesson 642 ndi Ruger LCR zili pafupifupi m'gulu limodzi: zipolopolo zisanu za .38 Special, mpope wosakwana masentimita 5, kulemera cha m'ma magalamu 400. Ruger LCR inatuluka mu 2009 ndipo mbali ina ya thupi lake ndi ya pulasitiki yolimba. Kupepuka kumeneku n'kumene kwakukopani, komanso n'kumene kuli vuto. Mfuti ikapepuka imakankha dzanja mwamphamvu poomba, ndipo mpope ukafupika kulunjika kumavuta. Munthu wosazolowera, usiku, mtima uli phaphapha, amaphonya ngakhale chinthu chili pa mtunda wa chipinda chimodzi. Chipolopolo chophonyacho sichisowa kopita. M'makwalala a ku Area 25 kapena kwa Chinsapo, kuseri kwa mpanda wa udzu kuli mwana wa munthu ali mtulo, ndipo chikamupeza, khothi silidzamva zoti mumalozetsa wakuba. Yachitsulo chokhachokha ngati Ruger SP101, yolemera magalamu oposa 700, imakoka lamba koma imagwirika bwino poomba. Chimodzi chimene ndimaziyamikira ziwiri mwatchulazo n'chakuti kanyundo kake n'kobisika m'kati, moti simungakakokeretu kumbuyo n'kusiya mfuti ikudikira kukhudza pang'ono chabe. Kuti ilire, chala chiyenera kukoka mwamphamvu ndi mwadala. Milandu ya "inangolira yokha" imachepa ndi mfuti yotere, komanso dziwani kuti mawu amenewo simudzawanena m'khothi munthu n'kukukhulupirirani. Chinanso, musasankhe dzina pa intaneti musanafunse wogulitsa wovomerezeka kuti zipolopolo zake zimapezeka kuno, chifukwa nazonso zimagulidwa ndi chilolezo.

Tifike pamene pagona nkhani. Laisensi imakulolani kukhala ndi mfuti, sikulolani kuombera munthu. Zimenezo zimaweruzidwa ndi lamulo lina, Penal Code. Gawo 17 limati mlandu wa munthu wogwiritsa ntchito mphamvu podziteteza kapena poteteza katundu udzaonedwa potsata mfundo za malamulo a ku England zochokera m'zigamulo za makhothi. Mfundozo zimafunsa mafunso awiri. Kodi munthuyu anakhulupiriradi kuti iye kapena mnzake ali pangozi nthawi yomweyo? Nanga mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yolingana ndi ngoziyo? Pa mlandu wa Beckford, wochokera ku Jamaica, oweruza anati munthu aweruzidwe malinga ndi mmene iye anazionera zinthu moona mtima, ngakhale zitapezeka kuti analakwitsa, ndipo sayenera kudikira kuti ayambe wamenyedwa. Pa mlandu wa Palmer wa 1971 anavomerezanso kuti munthu amene waukiridwa alibe nthawi yoyeza mphamvu zake pa sikelo. Choncho lamulo silikufuna kuti mufe mutapinda manja. Anthu atakuzingani ndi zikwanje, akukusendererani, pothawira palibe, lamulo lili kumbali yanu.

Koma ngozi ikatha, chitetezo cha lamulo chimathera pomwepo. Apa ndi pamene ndikukuoperani, chifukwa kalata yanu ili ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndikuumvetsa. Mwalemba kuti mukanakhala ndi mfuti usiku uja "sakanapita nazo". Taganizani bwino mawu amenewo. Nthawi imene ankapita nazo anali atakufulatirani, akuthawa. Kuombera munthu kumsana chifukwa wanyamula chikwama chanu si kudziteteza, ngakhale m'chikwamamo muli mpamba wanu wonse. Gawo 16 la malamulo aakulu limateteza moyo wa munthu aliyense, wakuba yemwe. Ku England komweko, mlimi wina wa ku Norfolk, Tony Martin, anaombera akuba awiri amene analowa m'nyumba mwake usiku mu 1999. Mmodzi, mnyamata wa zaka 16, anafa ndi bala la kumsana. Anthu ambiri anamumvera chisoni mlimiyo popeza akuba anali atamuvutitsa kale, koma khothi linamupeza wolakwa pa mlandu wakupha mu 2000. Pa apilo mu 2001 mlanduwo unatsitsidwa chifukwa cha vuto la m'maganizo mwake, osati chifukwa chodziteteza, ndipo ndende anakhalabe. Mfuti yakenso inalibe chilolezo.

Kuno kwathu kupha mwadala kuli pa gawo 209 la Penal Code. Kuyambira pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007, woweruza sakakamizidwanso kupereka chilango chonyonga kwa aliyense wopezeka wolakwa, koma zaka zimene anthu amalandira n'zambiri. Kupha kosakonzekera, gawo 208, chilango chake chikhoza kufika pa moyo wonse m'ndende. Kupsa mtima chifukwa munthu wakuputani sikumasula, kumangotsitsa mlandu kuchoka pa woyambawo kufika pa wachiwiriwo. Mowa nawo si chodzikanira. Ndipo si kuomba kokha. Kusolola mfuti pa mkangano wa pamsewu ndi woyendetsa minibasi, kapena kuiika patebulo pamalo omwera kuti anthu akuopeni, ndi mlandu pawokha ndipo laisensi imapita. Pa zionetsero musapite nayo m'pang'ono pomwe, gawo 38 la malamulo aakulu a dziko limapereka ufulu wosonkhana mwamtendere komanso opanda zida.

Tiyerekeze kuti zachitika, mwaomba ndipo munthu wagwa. Musathawe. Imbirani apolisi, ndipo ngati akupuma, yesetsani kuti afike kuchipatala, ngakhale ndi wakuba. Woweruza amaona kusiyana pakati pa munthu amene anafuna kuletsa ngozi ndi amene anafuna imfa. Musasunthe kanthu pamalopo, musaike chikwanje m'manja mwa munthu amene analibe, ndipo letsani khamu kuti lisamumalize, chifukwa imfayo idzalembedwa pa inu. Tengani maina a mboni. Mfuti ndi laisensi perekani kwa apolisi.

Yembekezerani kumangidwa ngakhale mukudziona wosalakwa. Pamene pafa munthu, apolisi sagamula okha kuti munadziteteza. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chimene akumangirani, ufulu wokhala chete, ufulu woonana ndi loya, ndi ufulu wofikitsidwa kukhothi pasanathe maola 48. Ufulu wokhala chetewo ugwiritseni ntchito mwaulemu: nenani dzina lanu, nenani kuti munaukiridwa, ndipo zambiri mudzafotokoza loya ali pomwepo. Munthu wonjenjemera amalankhula zosokonekera, ndipo sitetimenti ya usiku woyamba imamutsata mpaka tsiku la chigamulo. Musasaine chimene simunachiwerenge. Ngati ndalama za loya palibe, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha zimenezi. Mlandu wakupha umazengedwa ku High Court, belo yakenso imapemphedwa komweko, osati kupolisi kapena kwa majisitireti, ndiye masiku a ku rimandi ku Maula muwawerengeretu. Chokutonthozani n'chakuti mukangoonetsa umboni woti munkadziteteza, udindo wotsutsa zimenezo mosasiya chikaiko ndi wa boma, si inu woti mutsimikize kusalakwa kwanu. Komabe abale a womwalirayo akhoza kukusumirani payekha kufuna chipepeso.

Maganizo anga, poti mwandifunsa ngati loya wanu: chimene anyamata aja amatsata si inu, ndi chikwamacho. Amadziwa tsiku limene mumatapa ndalama ndi msewu umene mumadzera, mwina wowauza mumadya naye. Zipolopolo zisanu kwa anthu asanu ndi mmodzi okudzidzimutsani mumdima sizikutsimikizirani kanthu, ndipo akakugonjetsani apita ndi ndalama ndi mfuti yomwe, yolembedwa dzina lanu. Walira mvula walira matope. Alimi amene angalandire pa Airtel Money kapena pa Mpamba alipireni pafoni, ndalama zotsala zisagone m'galimoto, sinthani masiku ndi njira, ndipo dzuwa lisamakuloweleni ku Nsundwe. Zimenezi mukhoza kuyamba mawa popanda chilolezo cha munthu.

Ngati mutaganizabe zopempha mfuti, ufulu wopempha muli nawo ndipo ndidzakuthandizani kulemba kalata yake. Mubwere ndi chiphaso chanu cha unzika, lipoti la kupolisi lija, mapepala a bizinesi ndi a kubanki. Muganizirenso kumene muzikaisunga, pokhoma ndi loko, poti ana ndi antchito sangafike, ndi kumene mukaphunzire kuomba, chifukwa mafunso awiriwa adzakufunsani. Mayi a kunyumba akhale atadziwa musanabwere.

Ine wanu,
Loya wanu, Lilongwe