Amayi ayamba chemo ndipo sakudya: musawaletse chakudya

Achemwali, pepani ndi matenda. Mwati amayi alandira chemo yoyamba ya khansa ya m'mawere ku Cancer Diseases Hospital, akusanza, nsima sakuyifuna, ndipo abale akuti muwaletse shuga, nyama ndi soya, muziwapatsa moringa yekha. Malangizo amenewo musawatsatire. Chemo imapha maselo okula msanga, ndiye pamodzi ndi a khansa imawononganso a m'kamwa, a m'matumbo, a tsitsi ndi a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Thupi limabwezeretsa zonsezi ndi chakudya. Amayi akafooka kwambiri kapena magazi akatsika, tsiku la chemo yachiwiri akhoza kubwezedwa, mankhwala n'kuchedwa.

Ambiri amayamba ndi doxorubicin, mankhwala ofiira aja, pamodzi ndi cyclophosphamide, pa masiku 21 aliwonse, kenako paclitaxel kapena docetaxel. Pemphani anesi akulembereni mayina a omwe amayi akulandira. Ngati ali ofiirawo, mkodzo umafiira tsiku limodzi kapena awiri, si magazi. Cyclophosphamide amapweteka chikhodzodzo mkodzo ukakhalitsa, choncho azimwa madzi pafupifupi malita 2 patsiku ndi kukodza pafupipafupi, pokhapokha adokotala atawaletsa chifukwa cha mtima kapena impso.

Nseru imakula masiku atatu kapena anayi oyambirira. Apa ambiri amalakwitsa podikira kuti munthu asanze kaye ndiye amwe mapiritsi. Mankhwala a nseru amwedwe pa nthawi yomwe alembedwa, ngakhale akumva bwino. Mwa mankhwala a nseruwo, ondansetron amadzimbitsa, ndiye papaya ndi madzi zisasowe. Ena otchedwa dexamethasone amakweza shuga m'magazi, ngati ali ndi matenda a shuga muziyeza. Mbale yodzaza nsima imawaopsa asanalawe n'komwe. Apatseni pang'onopang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, chakudya chitazizirako chifukwa chotentha chimanunkha kwambiri. Kapenta kazingirani panja pa mbaula, chitseko chili chotseka. Akadya asagone pompo, akhale tsonga kwa ola limodzi. Akati chilichonse chikumveka chitsulo m'kamwa, yesani supuni ya pulasitiki ndi tiyi wa jinja.

Phala ndilo limalowa zina zikakanika, koma lamadzimadzi silipatsa mphamvu. M'kapu imodzi ya phala la roller meal thirani masupuni aakulu awiri a nsinjiro, awiri a mkaka wa ufa ndi supuni yaing'ono ya mafuta ophikira. Mayi wa makilogalamu 60 amene ali pa chemo amafunika mapuloteni magalamu 60 mpaka 90 patsiku, pomwe dzira limodzi lili ndi 6 okha. Nchifukwa chake mazira, nyemba, kapenta, nkhuku, soya pieces ndi chibwabwa chotendera ziyenera kumasinthana tsiku lonse. Nsinjiro pangani nokha kuchokera ku nshawa zosankha bwino. Zankhungu, zofota ndi zowawa tayani, zimakhala ndi aflatoxin, poizoni wa nkhungu yemwe amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuchotsa.

Tsopano mvetsetsani apa, chifukwa ndi pomwe pamatayika anthu. Kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chemo italowa, maselo oyera a m'magazi, omwe amateteza thupi ku matenda, amatsika kwambiri, pomwe amayi amaoneka ngati ayamba kupeza bwino. Gulani thermometer lero. Kutentha kwa thupi kukafika madigiri 38, kapena akayamba kunjenjemera, nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi 02:00 usiku, ndi khadi lawo la kuchipatala, ndipo mukafika nenani msanga kuti ali pa chemo komanso tsiku lomwe analandira. Musawapatse Panado kuti muone m'mawa, amabisa kutentha matenda akufalikira m'magazi. Musangoti ndi malungo n'kukagula mankhwala pa chemist.

M'masiku amenewa ukhondo wa chakudya ukhale wokhwima. Tonse tikukumbukira kolera ya 2023 ndi 2024 muno mu Lusaka: madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe klorini, kaya ndi a pampopi kaya a pa borehole. Mabisi a mkaka wosawiritsa, munkoyo wogula m'mabotolo m'njira, michopo ya pamsewu, saladi ndi dzira laliwisi pakati ziyambe zadikira. Zipatso zitsukidwe ndi kusendedwa. Malaiti akazima kwa maola ambiri, ndiwo za mufiriji musazikhulupirire. Aphikireni zochepa zatsopano, ndipo zotsala zitenthetsedwe mpaka kubwata. Alendo achifuwa ndi chimfine azipereka moni pa foni, ngakhale akhale a kumpingo.

Zilonda za m'kamwa zimabweranso nthawi yomweyi. Sungunulani kota ya supuni yaing'ono ya soda wophikira ndi kamchere kochepa m'kapu ya madzi ofunda, azichukucha ndi kulavula akadya komanso asanagone. Mswachi ukhale wofewa, mankhwala ochukuchira okhala ndi spirit ayi. Tsabola, mandimu ndi tomato wambiri zimalasa. Delele, mbatata yophwanya, kotapela ndi nthochi zimatsika bwino. Mukaona zoyera ngati mkaka wogona palilime, n'zofunika mankhwala a kuchipatala.

Sabata lachitatu njala imabwerera, ndipo ndi mpata wobwezera zomwe zatayika, aphikireni chomwe akhumba. Tsitsi limayamba kuthothoka cha pomwepa, limadzameranso chemo ikatha.

Za shugazo: maselo onse a m'thupi amadya shuga, nsima nayo imasanduka shuga, ndipo kusiya kuthira mu tiyi sikufooketsa chotupa. Soya wodya ngati ndiwo alibe vuto, ngakhale kwa omwe adzamwe tamoxifen, mapiritsi a khansa ya m'mawere. Moringa ngati ndiwo adye, koma sachiza khansa. Zoopsa ndi zitsamba za m'mabotolo ndi makapusulo ogulitsidwa pa WhatsApp, chifukwa zimadutsa m'chiwindi momwe chemo imadutsanso, ndipo zimatha kuchiwononga kapena kusokoneza mphamvu ya mankhwala. Chilichonse chomwe abale abweretsa, kaonetseni adokotala asanamwe. Mowa asiye. Ngati ali pa ma ARV, a BP kapena a shuga, apitirize, koma adokotala a khansa adziwe.

Muziwayeza sikelo kamodzi pasabata. Munthu wa makilogalamu 60 akataya 3, nenani ndipo pemphani kuonana ndi wa zakudya. Akatsegula m'mimba, apatseni ORS: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kutsegulako kukapitirira kanayi patsiku, kukaoneka magazi, kapena akamasanza ngakhale madzi tsiku lathunthu, musadikire tsiku la review, apite akawaike dripu.